Womasulira wa Nduna ya Kutsidya

Zaka sindizisunga bwino. Ndimakumbukira misewu ndi fungo la malo amene ndinagonamo, koma mukandifunsa kuti chinayamba n'chiti, dzombe kapena njanji yatsopano, ndingakunamizeni. Limene sindingasokoneze ndi tsiku limene Nduna inabwera.

Masiku amenewo ndinali womasulira pa boma lina la kumapiri. Mzungu akalankhula ndinkapereka mawu ake kwa anthu, anthu akayankha ndinkawabwezera kwa mzungu. Ndinali ndi kabudula wa khaki, njinga, ndi mkazi, Nangondo, amene anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Ndinkakhala kwawo, pachikamwini, kutsidya kwa mtsinje wa matope ofiira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawoloka njinga ili paphewa.

Kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere, kunali mpando umene ankati ndiwo umayang'anira maiko onse olamulidwa ndi mfumu ya azungu. Wokhala pampandopo tinkangomutchula Nduna. Palibe wa ife anali atamuonapo, koma chikalata chilichonse cholemera chinkatha ndi dzina la mpando wake. Tsono tinamva kuti akubwera yekha kudzamva maganizo athu pa nkhani ya chitaganya, yophatikiza dziko lathu ndi maiko ena oyandikana nalo. Bwana wa pa boma anandiitana n'kundiuza kuti mlendoyo watopa ndi ulendo, choncho anthu akatentha pakamwa ndiziyamba ndathira madzi mawu awo ndisanawapereke.

Msonkhano unachitikira pabwalo la mpira, dzuwa lili paliwombo. Nduna ija inali munthu wamfupi, wachimfine, amene ankangopinda ndi kutambasula kampango kake. Amuna analankhula mozungulira, miyambi yokhayokha, moti panalibe choti ndithire madzi. Kenaka kumbali ya amayi kunaimirira Nagama, woumba mbiya, amene sanali pamndandanda wa olankhula. Sanayang'ane mlendo. Anayang'ana ine.

"Umuuze kuti mwana wanga anamutengera kunkhondo yawo, anandibwezera chipewa chokha. Pomutenga sanandifunse. Lero akundifunsa chifukwa yankho analemba kale. Umuuze kuti ndakana. Ndipo iwe, mwana wa eni, usachotsepo liwu ngakhale limodzi, ndikukuyang'ana pakamwa."

Ndinamasulira zonse, mpaka za pakamwa pangazo. Mayi wina wachizungu amene anali kumbuyo kwa Nduna analemba m'kabuku. Bwalo lonse linang'ung'udza ngati njuchi. Nduna inati yamva, n'kumina.

Patapita masiku atatu bwana anaika mapepala awiri patebulo. Loyamba linkanena kuti ndinamasulira molakwa, kuti mayiyo anathokoza n'kungopempha chitsime. Ndikasaina limenelo ntchito yanga ipitirira. Lachiwiri linkanena kuti ndichoke m'boma limenelo, ndisadzapondemonso kufikira Nduna mwini wake atalola. Bwana sanakalipe. Anangokankhira cholembera kwa ine. Ndinatenga pepala lachiwiri, n'kulipinda, n'kutuluka.

Nangondo sanalire. Anandiuza kuti mawu a Nagama sadzamutungira madzi, sadzamulimira, ndipo sadzamuperekeza kuchikuta. Kunditsatira sakadatha, pakuti amayi ake anali chigonere ndipo munda unali wake.

"Mukasaina, adzadziwe ndani?" anandifunsa.

"Ine."

Anayamba kundimangira zovala m'nsalu.

Ndinafika m'tauni ina ya njanji, kumene mpweya wonse unkanunkha fodya ndi malasha. Kumeneko ndinaphunzira kusenza mabelo a fodya. Amene anandiphunzitsa anali mkulu wina wa khosi lopindika, amene ankati katundu sanyamulidwa ndi manja koma ndi mpweya, ndipo ukamudandaulira amalemera kawiri. Miyezi yoyamba mapewa anga anasupuka. Kenaka anachita zikang'a, ndipo ndinasiya kuwamva. M'tauni imeneyo ndinalemba kalata yanga yoyamba kwa Nduna. Sindinapemphe chifundo. Ndinangofotokoza kuti mayiyo ananena zimene ananena, ine ndinabwereza, ndipo ndikufuna kupita kwathu.

Kalatayo ndinakapereka pa boma la m'tauniyo. Panali zenera la zitsulo, benchi la miyendo yosalingana, ndi kalaliki wa chala chodetsedwa ndi inki. Anandiuza kuti ndibwere mvula ikatha. Mvula itatha anandiuza kuti yankho lafika: amene anali pampando uja anachokapo, panakhala wina, ndipo watsopanoyo nkhani yanga sakuidziwa. Komabe, anatero kalalikiyo, pepala loyamba lija likadali lotsekuka. Analitulutsa pansi pa zitsulo, cholembera chili pamwamba. Ndinalibwezera mkati.

Nyengo yomweyo munthu wina wochokera kwathu, wopita kumigodi, anandipeza pasiteshoni n'kundiuza kuti Nangondo anachira, mwana wamkazi, ndipo akuchikazi anamutcha Lekeleni. Ndinamva chimene dzinalo linkandiuza. Tsiku limenelo ndinasenza mabelo mpaka kapitawo anachita kundiletsa.

Ndinatsika kuchigwa, kumudzi wina wa thonje, kumene dzuwa linkang'amba nthaka ndipo anthu ankalankhula pang'onopang'ono posunga malovu. Ndinaphunzira kutola thonje ndi kulisankha, loyera kwake, lothimbirira kwake. Madzi osefukira anabwera chaka china n'kutenga njinga yanga pamodzi ndi mbuzi za mwini nyumba. Ndinaiona ikupita, gudumu limodzi lili m'mwamba likuzungulira lokha, ndipo ndinazindikira kuti chatsala choti n'kutaya n'chochepa. M'mawa mwake ndinayamba ulendo wa kwathu wapansi, popanda chilolezo cha munthu.

Ndinayenda masiku ambiri, ndikulambalala misika. Ndinafika pamtsinje wa matope ofiira uja dzuwa litakwera pang'ono. Kutsidya kunali amayi akuchapa, ndipo pakati pawo panali Nangondo. Kamwana kakakazi kankathamangitsa nkhanu m'mphepete mwa madzi. Ndinapinda buluku kuti ndiwoloke. Nangondo anadzutsa mutu, anandiona, ndipo anakweza dzanja lodzaza thovu. Sikunali kundilonjera. Ankandibweza. Amesenjala awiri a boma anali atakhala pansi pa mtengo chakumtunda, ndipo iye ankadziwa kuti ndikaponda tsidya lake, alongo ake ndiwo akayankhe mlandu wosunga munthu woletsedwa. Ndinaima m'madzi ofika m'mawondo. Kamwana kaja kanandiyang'ana monga mmene ana amayang'anira ng'ombe yachilendo, n'kubwerera kunkhanu zake. Amesenjala anandigwira ndili pomwepo. Anali anthu amene kale ndinkadya nawo chinangwa pakhonde la ofesi, ndipo pondimanga ankayang'ana pansi.

Kundende ndinaphunzira kupota zingwe za khonje. Tinkakhala mzere pabwalo, khonje pantchafu, kupota mpaka ubweya wa m'miyendo unatha. Mkulu wa ndende anandiitana kawiri. Ulendo uliwonse pepala lija linali patebulo, litayamba kufiira m'mphepete. Ankati ndikasaina ndituluka tsiku lomwelo ndipo galimoto ikanditula pakhomo pa mkazi wanga. Ulendo woyamba ndinamuuza kuti dzanja langa latupa ndi khonje. Ulendo wachiwiri ndinamuuza zoona, kuti ngakhale litaphwa silisaina. Atanditulutsa anandikweza lole n'kukanditula kumalire a boma lina, n'kundiloza njira yotalikira kwathu.

Sindidziwa kuti ndinadutsa midzi ingati pambuyo pake. Kwina ndinaumba njerwa, kwina ndinaweta ng'ombe za munthu amene sanandifunse n'komwe dzina. Paliponse pamene panali boma ndinkalemba kalata, ndipo paliponse ndinkapeza zenera lomwe lija, benchi lotsimphina lomwe lija, kalaliki wa chala cha inki. Nthawi zina ankakhala wonenepa, nthawi zina wa magalasi, koma mawu ake anali amodzimodzi, moti ndinayamba kumulonjera ngati mnansi.

M'tauni ina ya mitengo ya maluwa ofiirira ndinakhala nthawi yaitali, chifukwa ndinapeza Che Likoswe. Anali mkulu wa ndevu zoyera, wosema zidindo pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Ankadula mphira wa matayala akale ndi kampeni kopyapyala, zilembo zonse chagada, ndipo maofesi a m'tauniyo ankabwera kwa iye chidindo chikatha mano. Anandilandira chifukwa ndinkadziwa kalembedwe ka Chingerezi. Anandiphunzitsa kugwira mpeni ngati ndikugwira nthenga, ndi kuganiza mawu kuchokera kumapeto.

Nditamufotokozera nkhani yanga anaseka mpaka kutsokomola. Iye mbiri ya mpando uja ankaidziwa, anaimva kwa makalaliki akale amene ankamubweretsera ntchito. Ankati mpandowo unali wosakhazikika chiyambire. Kale unali umodzi ndi mpando wa nkhondo, munthu mmodzi kutumiza asilikali ndi dzanja ili, kulamula maiko ndi dzanja linalo. Kenaka anaugawa. Pambali pake panalinso mpando wina wa maiko amene anakula n'kuyamba kudzilamulira, ndi winanso wolankhula ndi maiko achilendo. Mipandoyo, ankatero, imakwatirana ndi kusudzulana ngati anthu a pamowa.

"Iwetu ukulembera munthu, pamene anakuthamangitsa ndi mpando," anandiuza tsiku lina akunola mpeni. "Mpando ulibe makutu. Bwera nalo pepala lako lija, ndikusemere chidindo chonga chawo. Tilembe kuti wakhululukidwa. Mawa lomwe ukagona kwanu."

Ndinaiganizira nkhaniyo sabata yathunthu. Ndinasema ndekha theka la chidindocho, korona ndi zilembo zinayi, ndipo zinkaoneka bwino. Koma liwu lakuti kukhululukidwa linandikanika. Wokhululukidwa ndi amene analakwa. Ndinaponya mphirawo m'mbaula ya mayi wokazinga mtedza. Che Likoswe ananditcha mutu wa mwala, koma kuyambira pamenepo ankandipatsa ntchito zimene sankapatsa wina aliyense.

Tidakali pakhondepo, mbendera yakale inatsika, yatsopano n'kukwera. Anthu anavina mumsewu masiku atatu. Ife tinasema zidindo zatsopano mpaka zala kuchita dzanzi, pakuti ofesi iliyonse inkafuna dzina latsopano. Ndinati basi, zatha. Ndinachapa malaya n'kupita pazenera.

Kalaliki anali mwana wakuda ngati ine, wa tayi yatsopano, chala cha inki. Anandimvetsera bwino, n'kukaitana mkulu wake. Mkuluyo anatsekula kabati imene azungu anasiya, n'kupeza dzina langa pamndandanda. Anati makabati anawalandira ndi zonse za mkati, ndipo chimene chinamangidwa ndi Nduna ya kutsidya chimasulidwa ndi yemweyo. Ndinamukumbutsa kuti chitaganya chimene Nagama anakana ndi chomwe iwo ankavina kuti chagwa. Anatsitsa mawu.

"Bambo, kukana kuja kunali kwabwino nthawi ija. Koma munthu wobwereza chilichonse chimene wamva, osachotsapo, ifenso pamisonkhano yathu satithandiza. Sainani apa kuti nthawi zina mumaphonya. Tikakutumizani kwanu."

Pepala linali lomwe lija, atangolitayipanso pansi pa chizindikiro chatsopano. Ndinamufunsa ngati chidindo cha pamwambapo chikudinda bwino, pakuti ndinachisema ndine. Anati chikudinda bwino kwambiri. Ndinamuthokoza n'kumubwezera pepala lake.

Chaka chomwecho, kapena chotsatira, kalata inandipeza kuchokera kwa malume ake a Nangondo. Ankati mbumba yawo yadikira mokwanira, ndipo yakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa dzina lake Zuwawo. Pansi pake panali mzere umodzi wa dzanja lina, zilembo zazikulu zopendekera za munthu wongophunzira kumene kulemba: denga linagwa, mwana ankanyowa. Ndinaiwerenga nditaimirira. Nangondo sindinamukwiyire. Ndinafuna kukwiyira wina, koma aliyense amene ndinkamuloza ankasanduka mpando. Che Likoswe atamwalira, ana ake anatenga mipeni, ine n'kubwerera mumsewu.

Ndinakalamba ndikuyenda. Pomaliza ndinafika mumzinda waukulu, kumene misewu inali yotakata kuposa anthu oyendamo. Kumeneko kunali nyumba ya kazembe wa dziko la kutsidya lija. Ndinapeza ntchito yotchetcha kapinga panyumba yoyandikana nayo, ndipo ndinaphunzira kudula mpanda wa maluwa kuti ukhale wosalala pamwamba ngati tebulo. Tsiku lililonse lopuma ndinkakakhala pabenchi la kwa kazembe. Limeneli miyendo yake inali yolingana, ndipo zenera linali lagalasi, koma kudikira kunali komwe kuja. Alonda anasintha katatu ndisanaloledwe kulowa.

Anandilandira mtsikana wachizungu, wamng'ono kuposa mwana wanga, waulemu wake. Anandipatsa tiyi. Anati nkhani yanga yamudabwitsa, ndipo alembera kwawo kuti amutumizire mapepala akale. Zinatenga nyengo ziwiri. Atandiitananso, anali ndi mapepala ojambulidwa patebulo, nkhope yake ili ngati ya munthu wodzanena maliro.

Anandifotokozera kuti mpando uja kulibenso. Maiko olamulidwa atachepa, anauphatikiza ndi mpando wa maiko odzilamulira. Patapita kanthawi kochepa, umenewonso anauthira mu mpando wolankhula ndi maiko achilendo. Dzina limene linali pansi pa chikalata changa silinalinso la munthu aliyense. Wondimasula panalibe, chifukwa wondimanga kunalibe. Iye chimene akadatha chinali kundilembera kalata yonena kuti pa tsiku lija panali kusamvana mbali zonse ziwiri.

Ndinamupempha kuti andionetse zimene zinalembedwa pabwalo la mpira. Anafufuza n'kunditembenuzira tsamba. Mawu a Nagama anali pomwepo, onse, m'Chingerezi changa cha unyamata: mwana, chipewa, yankho lolembedwa kale, kukana. Wina anadutsitsapo mzere wa pensulo wosaoneka bwino, ndipo m'mphepete analemba kuti mawuwa afufutidwe womasulira akavomera kulakwa kwake. Zaka zonse zija tsambalo linkadikira dzanja langa.

"Ndiye sanafufutidwe?" ndinafunsa.

"Ayi. Popanda inu kusaina, sangafufutidwe."

Ndinamaliza tiyi wanga. Ndinamuuza kuti kalata yake ya kusamvana aisunge, pakuti tsiku lija tinamvana bwino lomwe, ndipo vuto linali lomwelo. Ndinamuuzanso kuti ngati mpando unafa, ine sindikhala m'ndende ya maliro. Ndinatuluka, ndinakabweza chikwanje kwa mwini kapinga, ndipo ndinakwera basi ya kumapiri.

Pamtsinje anali atamangapo mlatho, ndipo pamlathopo panali wapolisi akuyang'ana ziphaso za a njinga zamoto. Ndinapita kwa iye ndekha, n'kumuuza dzina langa, n'kumuuza kuti ndine woletsedwa m'boma lino ndipo ndikulowa. Ndinati ngati akufuna kundigwira andigwire pompano, ndisachite kuvutitsa anthu a m'mudzi. Anandiyang'ana imvi, anayang'ana kathumba kanga, n'kufunsa kuti anandiletsa ndani. Nditamuuza, anati dzina limenelo sanalimvepo, koma akafunsa kwa akuluakulu ake ndipo mwina adzanditsatira. Ndinamulongosolera bwinobwino njira ya kumene akandipeze.

Mudzi unali utasunthira kumsewu. Nagama anali atagona kalekale, ndipo ana amene ndinawafunsa ankangodziwa kuti kunali agogo ena oumba mbiya. Pakhomo limene anandilozera ndinapeza mayi wamkulu ndithu akupeta mphale, mphumi ngati yanga. Anandipatsa mpando monga amapatsira mlendo aliyense. Nditanena kuti ndine yani, sanasiye kupeta. Anati bambo ake ndi a Zuwawo, amene anamukhomera desiki yake yoyamba ndi kumuperekeza kuukwati, ndipo ali m'shedi umo akupala matabwa. Za ine anati anamvapo. Ndinati n'zoona, ndipo sindinabwere kudzalanda dzina la munthu.

Zuwawo anatuluka, utuchi uli m'tsitsi, n'kundipatsa moni wa manja awiri. Kenaka anati akaitane eni khomo.

Nangondo anatulukira kuseri kwa nkhokwe akuyenda ndi ndodo. Anali atachepa thupi, koma maso anali omwe aja. Sanandilonjere. Anakhala pamkeka, anawongola miyendo, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mwabwera ndi chilolezo?"

"Ayi."

"Ndiye munasaina?"

"Sindinasaine."

Anapuma mozama, ndipo mapewa ake anatsika.

"Chabwino. Mukadasaina lero, ine nditanyowa zaka zonse zija, ndikadakuthirani madzi otentha." Anatembenukira kwa mwana wathu. "Lekeleni, taika lichero pansi. Funso lija unkandivutitsa nalo uli mwana, loti wokubereka anachokeranji, mwini wake ndi uyu. Afotokoze yekha. Ine ndinatopa kumumasulira."

Lekeleni anaika lichero pansi, anakutumula gaga m'manja, n'kukhala moyang'anana nane. Ndinatsekula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba panalibe wina wolankhula ine ndisanayambe.